Madzi a pa Mtima wa Haji Mitwalli

Miyezi inayi yathunthu Rawya ankapita kukaona bambo ake ngati munthu wopita kukaba. Mwana wake, Widad, ankamusiya kwa apongozi, n'kukwera kabasi kodutsa mumsewu wa amisiri a mipando, kumene utuchi umalowa mpaka m'mano. Akafika ankavala masiki, n'kuima pakhomo la chipinda cha bambo akewo osalowa. Akabwerera kwake ankavula zonse, n'kusamba ndi sopo wonunkha mankhwala mpaka manja kuthetheka, ndipo ndi pamene ankatenga mwana kuti amuyamwitse, mwanayo atalira kale mpaka kusasa mawu.

Zonsezi zinayamba ndi mawu a achimwene ake, a Sabri, amene anamuuza mimba yake itatsala pang'ono kukwana masiku: "Ababa awapeza ndi TB ya pa mtima."

Bambo akewo, Haji Mitwalli, anali atasema maluwa pa mipando ndi pa mabedi a akwati a mumzinda wa Damietta kwa zaka makumi anayi. Chaka chimenecho anayamba kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe. Kenaka kugona chagada kunawakanika; ankagona atakhala, atatsamira kutsogolo pa pilo. Kuchipatala anapeza kuti kathumba kokuta mtima katupa ndipo kadzaza madzi, moti mtima ukusowa malo ogundira. Anawalowetsa singano yaitali kunsi kwa chifuwa n'kupopa madzi ofiirira, pafupifupi botolo lathunthu.

Iwo atangomva kuti TB, anadziikira okha malamulo, ndipo panalibe wowabweza. Mbale yawoyawo, supuni yawoyawo, kapu yomangidwa ulusi wofiira pa chogwirira. Kumzikiti analeka kupita. Ana atatu a a Sabri, amene ankakhala nyumba yomweyo, ankawalonjera ali pamasitepe. Widad atabadwa n'kupatsidwa dzina la malemu mkazi wawo, Haji anatumiza uthenga: "Wakhandayo asaponde kuno mpaka adokotala adzanene kuti ndachira." Ankangomuonera pa foni basi.

Tsono Rawya anabadwa ndi maso osaphonya kanthu, ndipo chinthu akachiona chimamukhala m'mutu ngati munga wa nsomba pakhosi. Tsiku lina Lachiwiri analowa kukhitchini kwa bambo ake n'kupeza alamu ake a Nagat, akazi a a Sabri, akutsuka ziwiya. Kapu ya ulusi wofiira inali m'beseni limodzi ndi makapu a ana.

"Alamu! Kapu imeneyo si ya Ababa?"

"Iii, ndasokoneza ine." A Nagat anaivuula, kuitsukuluza pampopi kamodzi kokha, n'kuiika pambali. "Musade nkhawa, amake Widad, sopoyu ndi wamphamvu."

Chimene chinamuvuta Rawya si kapuyo ayi, koma nkhope ya a Nagat. Mayi woti mwana wake akangotsokomola kawiri amathamanga naye kwa dokotala, lero kapu ya TB ili m'beseni la ana, iye osadzidzimuka n'komwe?

Panalinso zina. Mlonda wa pa nyumba imene Rawya ankakhala anadwalapo TB, ndipo atamwa mankhwala miyezi iwiri masaya anabwerera. Ababa, miyezi inayi, mphete ikuvuka yokha ku chala. Madzi aja anali atawapopanso kawiri. Patebulo la pambali pa bedi panali mapiritsi oletsa ululu ndi botolo la mankhwala a chifuwa, koma mapiritsi ofiira a TB aja amene mlonda ankaonetsa aliyense wodutsa panalibe.

Mapepala a kuchipatala ankakhala mu jumbo pamwamba pa firiji. A Nagat atakwera padenga kukayanika zovala, Rawya anakwera pa kampando, n'kujambula masamba atatu ndi foni. Anali olembedwa m'Chingelezi cha madokotala. Chingelezi chake cha ku sekondale chinangotolapo dzina la bambo ake, zaka zawo, ndi mawu oti mtima.

Lachinayi linali tsiku la katemera wa Widad. Dokotala wa ana, mayi Afaf, anali atamuzolowera kale Rawya, chifukwa kachiphuphu kalikonse ka mwanayo kanafikapo patebulo pawo.

"Amake Widad, lero ndi chiyaninso? Wayetsemula kangati? Ndikudziwa mwawerenga."

"Katatu, adokotala, koma sindinabwerere zimenezo." Rawya anakonza mwana pamiyendo. "Agogo ake ali ndi TB ya pa mtima. Ine ndimapita kukawaona. Ndimasamba ndithu ndikabwerako, koma mtima sukundikhala. Kodi mwanayu sakufunika mankhwala omuteteza?"

"TB ya pa mtima? Anakuuzani ndani?"

"Achimwene." Anapereka foni ija.

Mayi Afaf anatsitsa magalasi pamphuno n'kuyamba kuwerenga, akukulitsa zilembo ndi zala. Tsamba loyamba anadutsa msanga. Pa lachiwiri anakhalitsa, ndipo nthabwala zija zinachoka pankhope pawo. Anatenga pepala lolembera mankhwala, n'kujambulapo mtima, kenaka n'kuuzunguliza ndi mzere.

"Matendawa ife timawatcha perikadaitisi, kutupa kwa kathumba aka. Koma limenelo ndi dzina la banja chabe, ana ake alipo ambiri. Ulipo mtundu wobwera ndi kachilombo ngati ka chimfine. Munthu amamva kubaya pachifuwa, amamwa mapiritsi masabata angapo, n'kuiwala. Ulipo wa anthu amene impso zawo zatopa. Ulipo wa TB, ndipo kuno kwathu dokotala aliyense akaona madzi ambiri amauganizira msanga, chifukwa umenewu ukachedwa kathumba kamauma ngati chikopa cha nsapato yakale, mtima n'kumangika m'kati. Tsamba loyambali likunena zomwezo. Akuti tikukayikira TB, pimani madziwo."

"Nanga lachiwiri?"

"Lachiwiri ndi zotsatira. TB sanaipeze. M'madzi mulibe, m'makhololo mulibe."

"Ndiye ali ndi chiyani?"

Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu ndinu mwana wawo weniweni?"

"Womaliza."

"Ndiye sindikubisirani. M'madzimo anapezamo maselo a khansa. Inayambira m'mapapo, yafika pa kathumba ka mtima. N'chifukwa chake akapopa, madzi akubweranso. Akachuluka amaufinya mtima, ndiye amayenera kupopedwa mwachangu. Koma mwanayu sangatengere kanthu kwa agogo ake, ngakhale atagona pachifuwa pawo tsiku lonse."

Rawya anamva ngati mpando wachoka pansi pake. Koma pakamwa panatuluka funso lina: "Pepala limeneli linalembedwa liti?"

Mayi Afaf anawerenga tsikulo. Inali sabata imodzi Widad asanabadwe.

"Atsala ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku ali m'manja mwa Mulungu, mwanangu. Koma mukanakhala mng'ono wanga, ndikanati musadikire kuti chikondwerero cha Idi chifike."

Namwino anabaya jakisoni pa ntchafu ya Widad, mwana n'kukuwa. Rawya anamugugudiza pamsana, akudikira kuti nayenso misozi ibwere. Sinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo wotentha. Anayang'ana manja ake othetheka aja. Miyezi inayi akusenda khungu lake pochotsa matenda omwe kulibe!

Kunyumba sanapite. Anaimitsa kanjinga ka mawilo atatu n'kutchula msewu wa bambo ake, mwana ali m'manja.

Malo osemera mipando anali pansi pa nyumbayo. Amisiri anali atapita kukaswali masana, ndipo a Sabri anali okha, akumata golide pa mwendo wa mpando. Ataona Rawya ndi khanda, burashi inawagwa m'manja.

"Rawya, wapenga? Mwanayo wabwera naye kuno?"

"Wabwera kudzaona agogo ake."

"Lamulo la Ababa ukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Ndikudziwanso zimene zalembedwa pa tsamba lachiwiri, mu jumbo ija ili pamwamba pa firiji."

A Sabri anayang'ana kudenga ngati mawuwo angaboole konkire. "Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa mawu miyezi inayi, achimwene, ndili ndi chinsalu pakamwa."

"Unali wotopa ndi mimba. Kenaka unali kuyamwitsa. Umafuna mkaka uume ndi chisoni? Ngakhale amuna ako anavomereza kuti tisakuuze."

"A Wagdi akudziwa?"

"Aliyense wa mutu wokhazikika akudziwa. Iwe nkhope yako ili ngati windo lopanda katani. Ababa akanangokuyang'ana kamodzi n'kuwerenga zonse."

"Ndiye mumangondionerera? Mwana akulira njala, ine ndili m'bafa kudzikhula ngati poto wopserera, a Wagdi ali phee pabalaza! A Nagat kumandithirira tiyi, kumandiuza kuti sopo ndi wamphamvu!"

"Palibe amene ankakuseka." A Sabri anapukuta manja pa nsalu ya m'chiuno, timagolide tikuuluka. Mawu awo anatsika. "Tamvera, mlongo wanga. Matenda oipa ajawa sitiwatchula kwa wodwala, nawenso ukudziwa. Amalume a Fathi anauzidwa Lolemba ndi kadokotala kena kophunzira kunja, Lachisanu tinawanyamula pa mapewa. Munthu akamva dzina limenelo amatembenukira kukhoma, basi. Adokotala atanena poyamba kuti mwina ndi TB, Ababa anakweza manja n'kuthokoza Mulungu, amvekere imeneyo imachizika. Ine ndikanapita kukawalanda zimenezo? Ukanakhala iwe ukanatha?"

"Munawasiyira chiyembekezo n'kuwalanda zina zonse. Akudya okha ngati wakhate. Kumzikiti sapita. Ana anu amawalonjera pamasitepe ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi."

"Malamulo amenewo anaika okha."

"Anaika chifukwa cha bodza lanu!"

A Sabri anakaima pakhomo lolowera ku masitepe. "Ukakwera ndi mwanayo, ndiye kuti wawauza. Ngakhale usatsegule pakamwa. Amakudziwa iwe. Akudziwa kuti Rawya, woti akanatha akanawiritsa ngakhale mphepo, sangayandikitse khanda pa TB. Akatembenukira kukhoma, wawapha ndiwe. Udzatha kukhala nazo zimenezo?"

Mawu amenewo anamulasa, ndipo a Sabri anaona kuti amulasa. Rawya ankawakumbukira bwino amalume a Fathi, ndi msana wawo umene anautembenuzira kwa aliyense masiku anayi aja. Bwanji ngati achimwene akunena zoona? Iye ndi ndani, mwana womaliza, woti agwetse chimene banja lonse lagwirizana? Widad anali atasiya kulira, akuyamwa nsonga ya mpango wa mayi ake, osadziwa kuti akukanganirana iye. Rawya anawerenga mumtima masabata otsala kuti Idi ifike. Anali asanu ndi awiri.

"Ndiye ndidikire chiyani, achimwene? Ndidzabwere naye pa maliro, ndidzamuonetse nsalu yoyera ndizimuuza kuti agogo ako ndi awo?"

"Rawya."

"Chokani pakhomopo. Mukapanda kuchoka ndikaima pakati pa msewu n'kuwaitana pawindo, ndimukweze mwanayu m'mwamba, msewu wonse uone."

A Sabri anamuyang'ana nthawi yaitali. Mlongo wawoyu ankaopa agalu, zikepe, mazira osapsa ndi mawaya a magetsi, ndipo chiyambire anali asanawayankhepo chonchi. Anasendera pambali.

Pamwamba Rawya anakumana ndi a Nagat atanyamula thireyi ya Ababa, ya mpunga wa anyezi ndi nsomba yowotcha. A Nagat ataona amuna awo akukwera pambuyo mutu uli pansi, anamupatukira. Rawya anadutsa, n'kuponda m'chipinda cha bambo ake koyamba m'miyezi inayi, pakamwa pali poyera.

Haji Mitwalli anali atakhala pabedi, atatsamira pa pilo wawo, wailesi ikuwerenga Korani chapansipansi. Pafupi chonchi anali ochepa kuposa mmene ankaonekera uli pakhomo. Mitsempha ya pakhosi inali itatupa ngati zingwe. Atatukula maso n'kuona khanda, anaphimba pakamwa ndi mkono wa mkanjo.

"Tuluka! Iwe mwana, mutu wako uli bwino? Tulutsa mwanayo!" Chifuwa chinawagwira, koma dzanja linapitiriza kumuthamangitsa. "Sabri! Wamulola ndani?"

Rawya anakhala pamphepete pa bedi. "Ababa, simungamupatsire kanthu. Ndikuchokera kwa dokotala."

Mkono uja unatsika pang'ono. "Ndachira?"

Anafunsa ngati mwana wofunsa ngati wakhoza mayeso. Rawya anaona pamenepo chimene chinawagonjetsa a Sabri, ndipo kanthawi kochepa anatsala pang'ono kugonja nayenso. Mawu amodzi okha, eya, akanakwanira. Koma pakatha sabata madzi akanabweranso, singano ikanabweranso, ndipo pakanafunika bodza lina pamwamba pa limeneli.

"Simunachire, Ababa. Koma simungamupatsire."

Haji anayang'ana mwana wawo wamkazi, n'kuyang'ana a Nagat amene anaima ndi thireyi ngati aiwala kuti ili m'manja, kenaka a Sabri pakhomo. Anali munthu woti akagogoda thabwa kamodzi amadziwa ngati m'kati mwafumbwa.

"Sabri. Ndi matenda aja?"

A Sabri anayang'ana matailosi.

"Ndikufunsa iwe, uli ndi ndevu iwe. Ndi aja?"

"Ndi aja, Ababa."

"Munadziwa liti?"

Anayankha ndi Rawya. "Sabata imodzi uyu asanabadwe. Ine ndadziwa lero."

Haji anatseka maso. Mutu wawo unapendekera chakukhoma. Basi, anaganiza Rawya, ndawapha. Anamva a Sabri akupuma mwamphamvu kumbuyo kwake.

"Miyezi inayi," anatero Haji, maso ali chitsekere. Ankalankhula mawu atatu anayi, n'kupuma, n'kupitiriza. "Miyezi inayi ndikudya ndekha. Ma Lachisanu khumi ndi asanu ndi awiri ndikumvera swala pawindo ngati mayi wa chikuta. Anzanga awiri amwalira mumsewu muno. Sindinapite kukawaswalira. Kuopa kupatsira anthu." Anatsegula maso, ndipo munalibe misozi, munali moto. "Kupatsira anthu chiyani, Sabri?"

"Ababa, timaopa kuti mukamva..."

"Mumaopa inu. Ndiye mantha anuwo mukandisenzetsa ine? Ndinakuphunzitsa ntchito ndine. Ndinakupatsapo thabwa lofumbwa n'kukuuza kuti ndi labwino?"

"Amalume a Fathi..."

"Fathi ankaopa ngakhale wometa tsitsi. Ine ndine Fathi?" Anapuma, chifuwa chikukwera ndi kutsika. "Masiku anali anga amenewo. Ochepa, koma anga. Mwandidyera."

A Nagat anayamba kulira chamumtima. Haji sanawayang'ane. Anatambasula manja kwa Rawya.

"Bwera naye kuno."

Mikonoyo inalibe mphamvu, moti Rawya anasiya dzanja lake limodzi pansi pa mwana, mobisa, kuti asaone kuti akuwathandiza. Widad anayang'anitsitsa nkhope yachilendoyo, akukwinya chipumi ngati akufuna kulira. Kenaka anagwira ndevu zoyerazo ndi dzanja lonse n'kukoka.

"Aaa! Wamphamvu uyu. Akanakhala mwamuna bwenzi ndikumupatsa nyundo." Haji anaweramitsa mphuno pamutu pa mwanayo n'kununkhiza, kawiri, katatu, ndipo ndi pamene misozi inatsika, n'kumalowa m'ndevu momwe munali kadzanjako.

Kenaka Haji anati, osatukula mutu, "Rawya, akadzandipopanso, udzapite nane ndiwe. Uzikafunsa monga umafunsira, mpaka adokotala atope nawe. Zimene azikayankha uzindiuza zonse, osasefa."

"Chabwino, Ababa."

"Sabri."

"Ababa."

"Mawa ndi Lachisanu. Pansipo mipando yadzaza. Usankhe wolimba, osati ija yagolide yonamiza akwati. Upeze anthu awiri. Munditsitse masitepewa, mukandikhazike mzere woyamba kumzikiti."

"Adokotala anati musamatope..."

"Adokotala ananena zambiri zimene sunandiuze. Chimenechi chokha ndiye wachikumbukira?"

A Sabri anatembenuka kuti atsike. Podutsa anawerama pa khutu la mlongo wawo. "Lero alimba chifukwa akwiya," ananong'ona. "Mkwiyo ukatha, udzaona." Rawya sankadziwa ngati akunama. Anamva mapazi awo akutsika pang'onopang'ono, sitepe imodziimodzi, ndipo pansi sipanamvekenso phokoso la ntchito.

Foni inalira m'chikwama chake. Anali a Wagdi, mwina kufunsa kuti ali kuti ndi mwana nthawi yonseyi, mwina a Sabri anali atawaimbira kale. Rawya anayang'ana dzinalo mpaka foni inasiya yokha. Italiranso, anaizimitsa. Amenewo nkhani yawo inali isanayambe.

"Thupi latentha uyu," anatero Haji, tsaya lawo lili pachipumi pa mwana. "Akudwala?"

"Ndi katemera, Ababa. Wabayidwa m'mawa uno."

"Ndiye usamuyendetse padzuwa. Musiye agone pompano."